Kelil Roba ndi Eni Malo

A Kelil Roba sanatayepo madzi asanaodire. Aliyense wa ku Dinsho amene anayenda nawo m'mapiri a Bale angakuuzeni zimenezi, ena moseka, ena motsitsa mawu. Akamaliza kutsuka mapoto a alendo, ankaika ndowa ya matsukwa pambali kuti izizire. Ankaviikamo chala, kuchoka, kubweranso kudzaviika, mpaka atakhutira kuti madziwo sangawaule ngakhale khanda. Akatero ankainyamula n'kupita nayo kutali ndi mtsinje, pakadzenje kamene ankakumba tsiku lofika pamsasa, n'kugwada.

"Bisimilla. Odi, eni malo. Madzi akubwera, sunthani ana."

Ankadikira pang'ono, monga umadikirira munthu wachikulire kuti adzuke pampando, kenako n'kuthira pang'onopang'ono, mlomo wa ndowa uli pafupi ndi dothi. Mano ankatsuka ndi kamtengo kamene ankakasunga m'thumba la pachifuwa, ndipo polavula ankapita pakadzenje komweko, atawerama, dzanja litatchinga pakamwa. Anyamata okoka mahatchi anawapatsa dzina loti a Odi-odi. Iwo ankavomera dzinalo popanda kukwiya, chifukwa munthu amene waona zimene iwo anaona sataya nthawi ndi ana a dzulo.

Anabadwira m'chigwa cha Web, m'banja la oweta ng'ombe amene nyengo ikafika amakwera ndi ziweto kumtunda n'kumagona m'tinyumba ta udzu m'munsi mwa matanthwe. Kumeneko mwana aliyense amakula akudziwa kuti dzikoli si lathu tokha. Alipo ena amene Mulungu anawalenga osaoneka. Ali ndi maukwati awo, ziweto zawo, ndiponso ana awo amene amakonda kusewera paphulusa, pakhomo ndi m'mphepete mwa madzi, makamaka dzuwa likamalowa. Ku mzikiti amawatcha majini, koma munthu wanzeru satchula dzinalo ali kuthengo. Timangoti eni malo. Alibe chifukwa ndi munthu. Koma ukawotcha mwana wawo ndi madzi otentha, kapena kumulavulira kumaso, kholo limachita zimene kholo lililonse lingachite: limakumenya mbama. Mbama yake sumva kuwawa. Umangodzuka m'mawa pakamwa patakhotera kukhutu, diso limodzi likukana kutseka.

A Kelil anaiona mbamayo ali aang'ono, pankhope ya amalume awo a Dube, munthu wanthabwala amene madzulo ena anakhuthulira panja madzi otentha otsukira zipanda za mkaka ali chiimire pakhomo. A Dube anakhala moyo wawo wonse akumwa khofi atapendeketsa mutu, winayo akutsikira m'ndevu, ndipo nthabwala anazisiya chifukwa anthu ankaseka pakamwa pawo m'malo moseka nkhaniyo. Achipatala amati ndi mphepo yozizira imene imafoola mtsempha wa kumaso. Mwina akunena zoona. Koma mphepo imawomba aliyense, nanga imasankha bwanji?

Atakula anayamba ganyu yokoka mahatchi onyamula katundu wa alendo okwera mapiri. Ulendo wina wophika anadwala panjira, iwo n'kulowa kukhitchini, osabwereranso kumahatchi. Tisaname, sanali wophika wodabwitsa. Msuzi wawo wa mphodza unali womwewo chaka ndi chaka, ndipo mpunga unkatuluka wolimba pakati, iwo n'kumanamizira phiri. Chimene ankachidziwa bwino chinali phala la balere lothira batala ndi tsabola, komanso khofi wothira mchere amene alendo ankamumwa akukwinya nkhope n'kumathokoza. Koma msasa wawo unkakhala waukhondo, ndipo otsogolera alendo ankalimbirana iwo.

Kunyumba zinthu sizinawayendere chimodzimodzi. Akazi awo a Zeituna anabereka kangapo, koma ana ankangofika pokwawa n'kubwerera. Timanda ting'onoting'ono tinandandalika kuseri kwa mudzi. Amene anakula ndi mmodzi yekha, Misra, kamtsikana kamakani kamene kankafunsa chifukwa cha chilichonse. A Zeituna nawonso anatsogola Misra ali ku sekondale. Kuchokera pamenepo a Kelil analibenso china padziko. Anagulitsa hatchi yawo yoyera, imene ankaikonda ngati munthu, kuti mwanayo akaphunzire za nyama ndi nkhalango ku koleji.

Misra anabwerako ndi jekete yobiriwira ndi chilolezo chotsogolera alendo, ndipo kampani ina ya ku Goba inamulemba ntchito. Iye yemweyo ndiye anapempha kuti wophika wake akhale bambo ake. Sabata imeneyo a Kelil anayenda m'Dinsho mapewa ali m'mwamba, akupatsa moni ngakhale anthu amene anayambana nawo kalekale. Anaiwala kuti walira mvula walira matope.

Nkhani inayambika pamsasa woyamba, iwo atatenga kakhasu kuti akakumbe dzenje lawo.

"Ababa, khasulo siyani. Za madzenje zinatha."

"Zinatha bwanji? Dothi latha?"

"Masiku ano timasefa. Nyenyeswa za chakudya tiziika m'thumba, tizitsika nazo. Madziwo tizimwaza patalipatali, kutali ndi mtsinje, dzuwa ndi mphepo ziziumitsa."

"Kumwaza?"

"Kumwaza, Ababa. Taonani uko."

Analoza kuseri kwa thanthwe kumene ophika a magulu ena ankakumba madzenje awo. Malowo anali akuda bii, onunkha, ofukulidwafukulidwa.

"Fungo limenelo limaitana akhwangwala, kenako afisi, kenako agalu a kumidzi. Agalu akakwera kuno amabwera ndi chiwewe, nkhandwe zofiira n'kuyamba kufa. Inu nomwe munakwirira nawo mitembo yake chaka chija. Ndiye mvula ikagwa, zonse za m'dzenjemo zimatsikira m'kasupe amene azakhali amatungamo."

A Kelil sanatsutse, chifukwa zonsezo zinali zoona ndipo anaziona ndi maso awo. Chimene chinawaima pakhosi chinali china.

"Eni malo dzenje amalidziwa, mayi. Amauza ana awo kuti apo musasewerepo. Nanga ukamwaza paliponse, athawire kuti?"

"Ndiye muwauze agule majekete a mvula," anatero Misra akuseka, n'kuwalanda khasu lija mwaulemu.

"Usaseke. Tili kwawo kuno."

Akanakhala mtsogoleri wina, a Kelil akanamanga katundu wawo tsiku lomwelo n'kutsika. Koma khoswe akakhala pamkhate sapheka. Anapeza njira yawoyawo yomvera lamulo la mwana wawo popanda kulakwira eni malo. Ankasefa, ankadikira madzi azizire, kenako ankayenda atawerama, akutunga ndi kapu n'kumawaza pansi penipeni, phazi lililonse odi, phazi lililonse odi. Ntchito ya kamphindi inkawatengera nthawi yoti munthu n'kuphika nyemba. Bariso, mkulu wa okoka mahatchi, bambo wa mitala wosatha kusunga mawu m'kamwa, ankakhala pamwala n'kumaonerera.

"Madala, balere mukufesayo adzamera liti? Mudzatigawireko."

"Iwe Bariso, pakamwa pakopo ukadali napo powongoka, uzithokoza."

Matsukwa anali m'manja mwawo, choncho ankatha kuwalamulira. Chimene sankatha kuchilamulira chinali kutsuka mano kwa alendo. Misra ankawaphunzitsa kuti asamalavule thovu pamalo amodzi, chifukwa chibuluma cha mankhwala otsukira mano chimawaula udzu ndipo tinyama timachinyambita. Ankati mankhwalawo azifinya pang'ono pokha ngati njere ya mphodza, akatsuka amwe madzi osameza, ndiyeno apemerere mwamphamvu kuti thovulo libalalike ngati utsi. Ndipo ankayamba iye kuonetsa. Nthawi iliyonse a Kelil akaona mwana wawo atatukumula masaya n'kupemerera m'mwamba, kumanja, kumanzere, kumaso kwa aliyense amene angakhale ataima pamenepo, ankaodira chamumtima. Ankaopa chinthu chimodzi chokha, ndipo ankachiopa usana ndi usiku: kuti tsiku lina Misra adzadzuka ndi nkhope ya a Dube.

Anayenda choncho nyengo yonse popanda choipa, mpaka ulendo wa ku Garba Guracha, nyanja yakuda ija ya m'munsi mwa maphompho. Mvula inali itangosiya, nthawi imene m'mawa madzi a m'ndowa amaundana pamwamba. Malowo a Kelil sankawakonda. Madzi ake sachita mafunde ngakhale mphepo iwombe, ndipo mozungulira mwaima mitengo ija ya kumtunda, ya thunthu limodzi ndi chisoti cha masamba, imene nkhungu ikatsika imaoneka ngati anthu odikira maliro. Abusa akale sankagona pamenepo. Anadzayamba kugonapo ndi alendo, chifukwa amati zithunzi zake zimakongola.

M'mawa wake dzuwa lisanatuluke, Misra anatenga alendo ake n'kupita nawo pathanthwe lina lakuda losalala, kutali ndi nyanja monga mwa lamulo. Anawaimika motalikirana, aliyense mswachi m'manja. Anthu akuluakulu, ena a imvi, anasangalala ngati ana opatsidwa chilolezo chochita zoletsedwa. Anapemerera uku ndi uku, akupikisana kuti thovu la ndani lifike patali, kuseka kwawo kukubwerera kuchokera kumaphompho. A Kelil anaima pakhomo la tenti yophikira, chipande chili m'manja.

Alendo atadya n'kunyamuka ndi Misra kukakwera nsonga ya phiri, a Kelil anatenga kansanza konyowa n'kupita pathanthwepo kukapepesa, monga ankachitira masiku onse mwana wawo osadziwa. Bariso anawatsatira chifukwa mahatchi anali kumbali yomweyo.

Pamwala wakudawo timadontho ta thovu tinkaoneka bwinobwino. Pamene panaima mlendo aliyense, timadonthoto tinamwazika ngati mapira otayika, malo onse mofanana. Koma pamene panaima Misra panali posiyana. Pakati pa timadontho take panali malo oyera, opanda ngakhale kadontho kamodzi, ozungulira, kukula kwake ngati pamene pakhala mwana wongoyamba kuyenda. Kumbuyo kwa malowo kunalinso kachigawo kouma, ngati mthunzi. Thovu linali litagwera pachinthu china lisanafike pamwala.

A Kelil anagwada. Ataona chapafupi anapeza kadontho kena patali pang'ono, kokha, kumene thovu la munthu silikanafika. Patsogolo pake panali kena. Anatitsatira akukwawa, kuchoka pamwala, kulowa pa udzu waufupi, kadontho apa, kadontho apo, mpaka anafika pachingwe cha tenti ya Misra. Pamenepo tinathera.

"Ndi mbira imeneyo, madala," anatero Bariso kumbuyo kwawo. "Imawothera dzuwa, ndiye yathawa itapakidwa thovu."

"Dzuwa linali lisanatuluke."

"Ndiye imalidikira."

"Pakati pa anthu oimirira, akuseka? Iwe unaiona mbira yotero?"

Bariso anayang'ana chingwe cha tenti, anayang'ana kunyanja, n'kunena bisimilla chapansipansi. Kenako anati akukaona mahatchi, ndipo anapita osadutsa pathanthwe paja.

A Kelil anapukuta timadontho tonse, kamodzikamodzi, akupepesa. Anabwerera kukhitchini, natenga balere wokazinga wodzaza dzanja ndi kabatala, n'kukaika pamalo oyera paja. Akhwangwala a ku Garba Guracha ndi akuba osaopa munthu. Amatsegula zikwama, amalanda buledi m'manja, ulendo wina anauluka ndi sopo. Tsiku limenelo anatera pamwalapo, anandandalika chapatali, n'kumangoyang'ana balereyo mitu itapendekeka. Dzuwa linafika pamutu, linapendeka, palibe khwangwala anayandikira. A Kelil anadziwa kuti pambali pa chakudyacho pakhala wina, ndipo sakudya.

Gulu linabwerako mochedwa, litatopa. Mayi wina wa tsitsi loyera anali atagwidwa ndi matenda odza chifukwa chokwera pamwamba kwambiri, mutu ukumuwawa, akusanza. Misra anali atamukoka dzanja njira yonse, ndipo milomo yake inali itang'ambika ndi mphepo.

"Mayi, ndikufuna ndikuonetse chinthu pathanthwe paja."

"Ababa, chonde, osati lero."

"Aja unawalavulira m'mawa afika mpaka patenti yako."

"Ababa, ndili ndi munthu wodwala. Akapanda kupeza bwino ndiyenera kumutsitsa pahatchi mdima usanagwe. Za anzanuwo tikambirana mawa. Ndikupempha tiyi wa jinja, msanga."

Sanalankhule mwamwano. Anali mwana wotopa amene wasenza miyoyo ya anthu, ndipo a Kelil anamumvera chisoni. Iwo anali atangomaliza kutsuka mapoto a chakudya chamadzulo ndi madzi owira, chifukwa pamalo ozizira chotero mafuta sachoka ndi madzi ofunda. Anaika ndowa panja kuti izizire, n'kulowa kukasinja jinja.

Nkhungu inatsika kuchokera kumaphompho nthawi yomweyo, dzuwa likulowa. Inadza mwakachetechete, inameza nyanja, inameza mahatchi, inasiya matenti okha ndi mitengo ija itaima mozungulira. Misra ankayendayenda kumanga zingwe ndi kutolera chilichonse cha fungo la chakudya, chifukwa kukakhala nkhungu yotere afisi amayenda msanga. Anaona ndowa ija pakhomo. Anafuna kupeputsa bambo ake ntchito, kuti asakazungulire m'chisanu atawerama. Anasefa mwachangu, n'kuinyamula.

A Kelil anatuluka ndi ketulo m'manja n'kupeza pamene panali ndowa pali bwalo lonyowa. Anakweza maso. Chapatali, pafupi ndi thanthwe lakuda lija, anaona jekete yobiriwira, ndi nthunzi ikufuka m'ndowa.

"Misra, sanazizire!"

Mphepo inabweza mawuwo. Misra anakoka ndowa kumbuyo n'kuiponya kutsogolo monga anaphunzirira, ndipo madziwo anatambasuka m'mwamba, akufuka, n'kugwa pamalo aakulu.

Ndiye panamveka kamawu. Sikunali kulira kwenikweni. Kanali kaja kamene mwana amachita akapsa, kukoka mpweya m'kati asanayambe kulira. Aliyense amene analerapo mwana amakadziwa, ndipo amadikira kulira kumene kumatsatira. Kulirako sikunabwere. Mahatchi amene ankadya udzu m'nkhungumo anasiya kutafuna onse pamodzi.

Misra anaima chilili, ndowa ili m'manja. A Kelil anafika pamene anali, ketulo akadali nayo.

"Wamva?"

"Ndi mbalame, Ababa."

"Mbalame yanji?"

Misra anayang'ana pansi pamene nthunzi inkafukabe pa udzu, kenako anakweza dzanja n'kudzigwira tsaya lakumanzere.

"Mphepo yake ikuluma," anatero. "Tiyeni tilowe. Tiyi uja wapsa?"

Anamupatsa ketulo, namuyang'ana akupita mpaka analowa m'tenti ya wodwala uja. Mantha amene anawasenza nyengo yonse anali atafika tsopano, ndipo chodabwitsa n'chakuti mtima wawo unakhala pansi. Analowa kukhitchini, natenga kachitini ka batala wa kumudzi amene ankasungira phala lawo, ndi kapu ya madzi ozizira. Bariso anali pamoto ndi anzake, koma palibe amene ankaseka. Anawaona akutuluka, n'kuyang'ana kumbali.

Udzu pamalo paja unali ukadali wofunda. A Kelil anathirapo madzi ozizira pang'onopang'ono, kenako anapaka batala pamiyala ndi pamasamba, monga amachitira amayi a ku Web mwana akagwera pamoto. Atamaliza anavula chipewa, anamasula nsalu imene ankakulunga m'khosi ndi m'makutu, n'kuziika pansi. Anagwada.

"Bisimilla. Odi, eni malo. Ndine Kelil, mwana wa Roba, wa ku Web. Mukundidziwa. Ndakalamba ndikukuodirani, ndipo sindinawotchepo wanu ngakhale mmodzi."

Nkhungu inkayenda pang'onopang'ono. Mitengo ija inkaoneka ngati yachuluka kuposa masana, ndiponso ngati yasendera pafupi.

"Wachita izi ndi mwana wanga. Sanachite dala. Akuteteza madzi omwewa amene inunso mumamwa, kungoti njira yake siikukuwerengerani. Mlandu sindikuukana. Wanu wapsa, ndamva ndi makutu anga. Kholo liyenera kubwezera, ndikudziwa, inenso ndine kholo."

Kenako anapitiriza.

"Ine ndinaika ana m'manda mpaka manja anazolowera. Uyu yekha ndiye ananditsalira. Ndi wamng'ono, ntchito yake ndi yolankhula ndi anthu, sanakwatiwe. Dzanja mwatukula kale, sindikunena kuti mulitsitse. Ndikungoti tsaya ndi ili."

Anatembenuza nkhope n'kupereka tsaya lakumanzere kumene mphepo inkachokera, natseka maso.

Anakhala choncho nthawi yaitali. Mphepo ya ku Garba Guracha ikamawomba madzulo imalowa mpaka m'mano. Khutu linayamba kuwawa, kenako linasiya kumva kanthu. Mawondo anauma. Anamva mahatchi akupuma, anamva wodwala uja akutsokomola m'tenti, anamva mawu a Misra akumutonthoza m'chinenero cha alendo. Ndiye mwadzidzidzi mphepo inaleka, ngati wina waima kutsogolo kwawo n'kuitchinga. Patsaya pawo panafika chinthu chofunda. Sichinali mbama. Chinali ngati chikhatho cha mayi amene akuyesa ngati mwana watentha thupi. Chinakhalapo kanthawi, n'kuchoka, mphepo n'kuyambiranso.

Sanatsegule maso mpaka atamva nsapato, kuwala kwa tochi n'kuwafika kumaso.

"Madala, mukufuna tikutsitseni mawa mutamangidwa pahatchi ngati thumba la balere?" Anali Bariso. Anatola chipewa n'kuwaveka yekha, nawadzutsa. "Tiyeni. Mwana wanu akufunsa. Ndamuuza kuti mukupemphera."

"Sunaname."

Wodwala uja anapezako bwino atamwa tiyi, ndipo msasa unagona.

A Kelil anadzuka kusanache bwino, monga mwa masiku onse. Nkhungu inali itachoka, udzu uli mbuu ndi chisanu. Anaswa madzi oundana pamwamba pa ndowa, natunga kapu, n'kupita patali ndi matenti. Anatulutsa kamtengo kawo n'kuyamba kutsuka mano, koma kamtengoko kankangoterereka mbali imodzi. Anaganiza kuti ndi kuzizira kwa zala. Anamwa madzi kuti achukuche. Madziwo sanakhale m'kamwa. Anatuluka okha chakumanzere, natsikira m'ndevu, n'kulowa m'khosi mwa malaya.

Anayesa kunena bisimilla, milomo inakana kukumana. Anaphethira, ndipo diso limodzi lokha ndilo linatseka. Linalo linangokhala chiyang'anire kunyanja yakuda, likutuluka msozi.

Bariso ankabwera kuchokera kumahatchi, chingwe chili paphewa. Atawaona anaima, chingwe n'kugwa.

"Mulungu wanga. Madala."

A Kelil sanamuyang'ane. Sanadandaule za nkhope yawo ngakhale pang'ono, ndipo sanasangalale. Chimene chinawagwira chinali mantha atsopano, oposa a dzulo. Anapereka tsaya, inde, ndipo lalandiridwa. Koma ndani anawalonjeza kuti dzanja limene lamenya kamodzi silimenya kawiri? Anataya kapu n'kuyamba kuyenda, kenako kuthamanga, mwa kuthamanga kwa munthu wokalamba pa udzu woterera.

"Misra. Tuluka."

Mawuwo anatuluka opindika, ngati a munthu amene wadzaza phala m'kamwa. M'tentimo munamveka kusuntha. Zipi inatseguka, ndipo Misra anasuzumira, nsalu itakulunga mutu ndi pakamwa pomwe chifukwa cha kuzizira, maso okha ali panja. Masowo anaona bambo ake n'kukula.

"Ababa." Anatuluka chokwawa n'kuimirira. "Ababa, nkhope yanu. Ndi mphepo ija. Munakakhala pamphepo, eti? Bariso anati mukupemphera. Munavula chipewa? Munakakhala pamenepo chifukwa cha ine?"

"Chotsa nsaluyo."

"Titsika lero lomwe. Matenda amenewa akafulumira nawo kuchipatala ena amachira, ndinaphunzira. Bariso, manga hatchi. Ababa, diso limenelo tiliphimbe lisaume."

"Chotsa nsaluyo, mayi."

Sanadikire. Anatambasula dzanja n'kuikokera pansi okha. Kunali kusanayere mokwanira, ndipo nkhope yongokhala siinena kanthu. Anamugwira chibwano n'kumutembenuzira kum'mawa.

"Taseka."

"Chiyani?"

"Seka ndione."

"Ababa, ndiseka bwanji?"

Anayesa kulankhulanso, koma chibwano chinayamba kunjenjemera m'dzanja la bambo ake. Milomo inakokekera pansi, masaya anakwinyika, maso anatsekeka mwamphamvu, ndipo Misra analira ngati mmene ankalirira ali kamwana. A Kelil sanamutonthoze. Anayandikitsa diso lawo labwino n'kumuyang'anitsitsa, mbali iyi, kenako mbali inayo. Pakamwa panapindikira pansi mofanana kumanja ndi kumanzere. Maso onse awiri anali otseka, ndipo misozi inkatsika masaya onse awiri.

Anamusiya chibwano. Anakhala pansi pa chisanu pomwepo, malovu akutsikira m'ndevu.

"Lira, mayi," anatero. "Ukulira bwino."